Kuphunzira Chingerezi n'kwina, kuphunzira m'Chingerezi n'kwinanso

Msewu wa M1 ukachoka pa boma la Dedza kulowera ku Ntcheu, umayenda mtunda wautali m'malire enieni a dziko, uku Malawi, uko Mozambique. Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi. Amakwatirana, amakhuzana maliro, amagulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi pamisika imodzimodzi, ndipo chiyankhulo chawo ndi chimodzi, kuno timachitcha Chichewa, tsidya ilo Chinyanja. Koma ana awo akapita kusukulu amakalowa m'mayiko awiri osiyana kotheratu. Wa ku Angónia, kupatula ngati sukulu yake ili m'gulu la zophunzitsa m'ziyankhulo ziwiri, amakumana ndi Chipwitikizi. Wa ku Bembeke amayenera kumva masamu, sayansi ndi ulimi m'Chingerezi. Onse awiri adzalemba mayeso m'chiyankhulo chomwe sichimveka pachitsime, kudimba, kuchigayo kapena pamaliro a kwawo.

Nkhani imeneyi ikabuka pa wailesi kapena pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, sichedwa kusanduka mkangano wa ofuna Chizungu ndi oteteza chikhalidwe. Apa ndi pomwe timasochera. Palibe kholo ku Mayani, ku Lobi kapena ku Linthipe lomwe silifuna kuti mwana wake adziwe Chingerezi, ndipo makolowo akuona bwino. Mwana akalephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza maphunziro ena onse. Malamulo oyendetsera dziko lino amati wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Kalata yofunsira ntchito, mapepala a kubanki, malangizo a pabotolo la mankhwala opopera mbewu, zambiri mwa izo zili m'Chingerezi. Zoti ana athu achidziwe si nkhani yokambirana ayi. Chofunika kufunsa n'chakuti, kodi kuphunzitsa mwana maphunziro onse m'chiyankhulo chomwe sanachidziwe ndiyo njira yoti achidziwe? Nanga masamu ndi sayansi zomwe zimamudutsa pa nthawi yomwe sakumvayo, adzazitola kuti? Kuona kwanga n'kwakuti kuphunzira Chingerezi ndi kuphunzira m'Chingerezi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kwa zaka zambiri takhala tikukakamira chachiwirichi poganiza kuti chitipatsa choyambacho.

Sukulu zoyamba za m'dera lino sizidayambe ndi Chingerezi. Amishoni a Dutch Reformed, omwe adakhazikika ku Mvera mu 1889 kenako ku Nkhoma, ndi ansembe achikatolika a White Fathers, omwe adafika ku Mua mu 1902 n'kudzakwera mapiri mpaka ku Bembeke, ankaphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera m'Chinyanja. Iwo ankafuna kuti anthu aziwerenga okha mawu a Mulungu, ndipo zidatheka. Amuna ambiri omwe adangolawako sukulu ya m'mudzi ankalemba okha makalata opita kwawo ali kumigodi ya ku Johannesburg kapena kuminda ya fodya ya ku Southern Rhodesia. Chingerezi chinkasungidwira ochepa opitirira kumakalasi apamwamba, odzakhala akalaliki, aphunzitsi ndi otanthauzira a kwa DC. Pomwe boma la atsamunda linkatsegula sukulu yake yoyamba ya sekondale pa Dedza pomwe pano mu 1951, maganizo anali atazika kale mizu akuti chiyankhulo cha kwathu n'cha oyamba kumene, maphunziro enieni ndi a Chizungu.

Ufulu sudasinthe maganizowo. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa n'kukhala chiyankhulo cha fuko, Chingerezi chikhalebe cha ntchito za boma. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Dongosolo lidakhala lakuti Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'Chichewa, kuyambira Sitandade 5 zonse m'Chingerezi. Koma Kamuzu Banda yemweyo, yemwe boma lake lidakhazikitsa Chichewa Board mu 1972, atatsegula sukulu ya pamtima pake ku Mtunthama mu 1981 adaikamo Chingerezi, Chilatini ndi Chigiriki, Chichewa n'kutsala kunja kwa mpanda. Makolo adaona zimenezo ndipo uthenga wake adaumva.

Sukulu yaulere itayamba mu 1994, chiwerengero cha ana a ku pulayimale chidadumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi omwe anali asanapiteko kukoleji. Mu March 1996 unduna wa zamaphunziro udatulutsa kalata yoti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, kaya ndi Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chisena kapena china. Ganizolo linali labwino, koma lidabwera chimanjamanja, lopanda mabuku ndiponso aphunzitsi asanakonzekeretsedwe. Akatswiri a ku Centre for Language Studies, yomwe idalowa m'malo mwa Chichewa Board ku Chancellor College, adachititsa misonkhano n'kulemba ndondomeko, koma ndondomekoyo idangofera m'maofesi. Kenako lamulo latsopano la maphunziro la 2013 lidanena m'gawo 78 kuti chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu ndi m'makoleji ndi Chingerezi, ndipo mu March 2014 nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, a Lucius Kanyumba, adalengeza kuti kuyambira September chaka chomwecho ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Chifukwa chomwe chidaperekedwa chinali chakuti ana akumaliza sukulu osatha kuyankhula ndi kulemba Chingerezi chomveka. Akatswiri a ziyankhulo monga a Pascal Kishindo ndi malemu Gregory Kamwendo adatsutsa ganizoli m'zolemba zawo. M'makalasi momwemo, aphunzitsi a ana ang'onoang'ono adapitiriza kuyankhula Chichewa poti sakadachitira mwina, ndipo ndondomeko ya boma yolimbikitsa kuwerenga yomwe idayamba mu 2016 imaphunzitsa ana kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi chomwe m'makalasi anayi oyamba. Motero vuto lalikulu lidatsala pomwe lakhala lili kuyambira kale, pa Sitandade 5.

Mwana wa ku Bembeke wa zaka 11 kapena 12 amadziwa za mbatata kuposa anthu ambiri a m'tauni okhala ndi madigiri. Amadziwa mbewu yabwino poyang'ana maso ake, amadziwa nthawi yokwezera mizere, amazindikira chiwawu chikangoyamba pamasamba ndipo amadziwa kuti chimakonda masiku a chifunga ndi mvumbi. Pamsika amawerengera mtengo wa ndowa zisanu wogula asanatulutse foni yake. Mwana ameneyu akalowa m'phunziro la ulimi ku Sitandade 5, buku lili m'Chingerezi, funso lili m'Chingerezi, ndipo yankho lovomerezeka ndi la m'Chingerezi. Zonse zomwe akudziwazo zimatsekeredwa m'mutu mwake. Mphunzitsi amalemba notsi pabolodi, ana amakopera, mawu ena mopotoza chifukwa sakudziwa chomwe akukoperacho. Mphunzitsi amayamba chiganizo n'kusiya liwu lomaliza kuti kalasi yonse imalize pamodzi. Akafunsa ngati amva, onse amavomera mokweza. Wodutsa panja angaganize kuti phunziro likuyenda bwino. M'katimo mphunzitsi akudziwa kuti ana sanamve, anawo akudziwa kuti sanamve, ndipo kuvomerezanako kumangobisa manyazi a onse.

Mphunzitsi wokonda ana ake amatembenuka n'kufotokoza zomwezo m'Chichewa. Nkhope zimawala, manja amakwera, ndipo mwana wa mbatata uja amafika potsutsa zomwe bukulo lanena. Koma nthawi ya phunziro yagawika pawiri, silabasi ikutsalira, ndipo mphunzitsiyo amachita izi mobisa poopa kuti alangizi a zamaphunziro akamupeza anena kuti Chingerezi chimamuvuta. Kumapeto kwake mayeso a Sitandade 8 ochokera ku MANEB amabwera m'Chingerezi, kupatula pepala la Chichewa lokha. Mwana yemwe adamvetsa bwino kasinthasintha wa mbewu amalephera funso la kasinthasintha wa mbewu chifukwa sanamve chomwe wafunsidwa, ife n'kulemba kuti walephera ulimi. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa mwanayo amabwerera kwawo atakhulupirira kuti mutu wake ndi wouma, ndipo makolo ake nawo amakhulupirira zomwezo.

Kukula kwa vutoli kudayesedwapo. Ku South Africa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Carol Macdonald adatsogolera kafukufuku pa ana akuda omwe ankaphunzira m'ziyankhulo zawo zaka zinayi n'kusinthira ku Chingerezi chaka chachisanu, monga timachitira kuno. Adapeza kuti anawo ankafika chaka chachisanucho akudziwa mawu a Chingerezi pafupifupi 800, pomwe maphunziro a kalasiyo ankafuna mawu pafupifupi 5,000. Akatswiri a kawerengedwe amati kuti munthu amve nkhani payekha ayenera kukhala akudziwa kale mawu osachepera 95 mwa 100 aliwonse a m'nkhaniyo. Jim Cummins, pofufuza ana a anthu osamukira ku Canada, adaona kuti Chingerezi chochezera ankachitola m'zaka ziwiri, koma Chingerezi cha m'mabuku, chofotokozera chifukwa chomwe chinthu chimachitikira, choyerekezera ndi chotsutsira mfundo, chinkawatengera zaka 5 mpaka 7. Awatu anali ana omwe Chingerezi chidawazinga m'basi, m'sitolo ndi pa kanema. Wathu wa kwa Kaphuka amachimva kuchokera kwa munthu mmodzi yekha, kwa mphindi zowerengeka patsiku, ali pakati pa anzake omwe nthawi zina amapitirira 100.

Ofuna Chingerezi kuyambira Sitandade 1 amati m'mera m'poyamba, ndipo amaloza ana a m'sukulu zolipira za ku Lilongwe ndi ku Blantyre omwe amatulutsa Chizungu cha m'mphuno asanakwanitse zaka 7. Zomwe akuonazo n'zoona. Koma mmerawo umadalira nthaka yomwe wameramo. Ana amenewo kwawo kuli kanema, kuli mabuku, makolo awo amayankhula Chingerezi patebulo, ndipo m'kalasi amakhala ochepa pamaso pa mphunzitsi wochidziwa bwino. Kwa iwo Chingerezi si chachilendo kwenikweni.

Mayiko olemera nawonso amaphunzitsa maphunziro ena m'chiyankhulo chachilendo, ndipo zimawayendera. Mu 1965 makolo oyankhula Chingerezi a ku St Lambert, pafupi ndi Montreal, adachititsa kuti ana awo aziphunzira m'Chifalansa, ndipo njirayi idafalikira m'dziko lonse la Canada. Ku Ulaya, makamaka kuyambira zaka za m'ma 1990, sukulu zambiri za ku Spain, Netherlands ndi Germany zimaphunzitsa mbiri, jogalafe kapena sayansi m'Chingerezi, njira yomwe amaitcha CLIL. Koma zomwe zimachitika kumeneko ndi zathuzi zikusiyana patali. Mwana wa ku Madrid kapena ku Utrecht amakhala akuwerenga ndi kulemba bwino chiyankhulo cha kwawo, ndipo maphunziro ena amapitiriza kuwaphunzira m'chiyankhulo chomwecho. Mphunzitsi wake amamva ziyankhulo zonse ziwiri ndipo adaphunzitsidwa kukonza phunziro loti mwana atolemo sayansi ndi Chingerezi nthawi imodzi, kusankhiratu mawu ofunika, kugwiritsa ntchito zithunzi ndi zipangizo. Ku Canada, chiyankhulo cha kunyumba cha anawo chinali champhamvu kuposa chomwe ankaphunziriramo, moti panalibe choti chitayike, ndipo kholo loona kuti mwana wake zikumuvuta linkatha kumubwezera kukalasi ya Chingerezi. Ife tidatenga mbali yovutitsitsa ya njirayi, maphunziro onse nthawi imodzi, kwa mwana aliyense kaya afune kaya asafune, n'kusiya zonse zomwe zimaichirikiza.

Umboni woyenera kuumvetsera kwambiri ndi wa pafupi pompa. Zambia idasankha Chingerezi kuyambira Giredi 1 mu 1966, pomwe ife tinkayamba ndi Chichewa. M'zaka za m'ma 1990 Eddie Williams adayesa ana a chaka chachisanu a m'mayiko awiriwa pa kuwerenga Chingerezi ndi Chinyanja. Ana a ku Zambia, omwe anali ataphunzira zonse m'Chingerezi kuyambira tsiku loyamba, sadawapose a ku Malawi pa Chingerezi. Pa kuwerenga Chinyanja, a ku Malawi adawasiya kutali. Zaka zinayi zowonjezera zophunzirira m'Chingerezi sizidawapatse Chingerezi chochuluka, zidangowamana luso lowerenga chiyankhulo chawo. Zambia nayo yakhala ikusinthasintha pa nkhaniyi, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 idayamba kuphunzitsa kuwerenga m'ziyankhulo za kumeneko, ndipo mu January 2014 idayamba kuzigwiritsa ntchito pophunzitsira makalasi oyamba, Chinyanja ku Chipata ndi ku Lusaka. Patangopita miyezi iwiri, ife tidalengeza zolowera komwe anzathuwo ankachokera.

Ku Mozambique, pakati pa 1993 ndi 1997, boma lidayesa kuphunzitsa m'ziyankhulo ziwiri m'sukulu zochepa, Chinyanja ndi Chipwitikizi m'chigawo cha Tete, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Ofufuza, mmodzi wa iwo Carol Benson, adaona ana akuyankha ndi kufunsa mafunso momasuka, atsikana akupindula kwambiri, ndipo makolo adafuna kuti njirayi ipitirire. Kuyambira 2003 dzikolo lidaloleza maphunziro a ziyankhulo ziwiri m'ziyankhulo 16 za kumeneko, ngakhale kuti sadafike m'sukulu zonse. Ku Nigeria, m'zaka za m'ma 1970, Babs Fafunwa ndi anzake a ku yunivesite ya Ife adaphunzitsa ana m'Chiyoruba zaka zonse 6 za pulayimale, Chingerezi chili phunziro palokha m'manja mwa mphunzitsi waluso. Anawo adaposa anzawo osinthira ku Chingerezi msanga, ndipo pa Chingerezi chenichenicho sadatsalire. Ku Ethiopia zigawo zomwe zidasunga chiyankhulo cha ana mpaka Giredi 8 zidachita bwino pa masamu ndi sayansi kuposa zosintha msanga.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha pamoyo wake, ndipo amaphunzira msanga m'chiyankhulo chomwe amachimva. Chichewa chili ndi mwayi wina woti chimalembedwa monga chimatchulidwira, pomwe m'Chingerezi lembo limodzi limatha kutchulidwa m'njira zingapo. Mwana akadziwa kulumikiza zilembo n'kupeza tanthauzo, lusolo amapita nalo ku Chingerezi. Akamvetsa kuti kugawa n'kutani, kapena chifukwa chomwe madzi oima amabweretsera malungo, safunika kuziphunziranso. Chomwe chamutsalira ndi kudziwa kazinenedwe kake m'chiyankhulo chatsopano, ndipo imeneyo ndi ntchito yopepuka kuposa kulimbana ndi chinthu chosadziwika m'mawu osadziwika.

Sindikunena kuti Chichewa pachokha chingachize sukulu zathu. Kafukufuku wa 2010 woyesa kuwerenga m'makalasi oyamba adapeza kuti ana oposa 7 mwa 10 aliwonse a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi la kankhani ka m'Chichewa. Kafukufuku wa MICS yemwe ofesi ya National Statistical Office idachita mu 2019 ndi 2020 adapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 19 okha ndiwo anali ndi luso loyambira la kuwerenga. Kalasi yodzaza mpaka pakhomo, buku limodzi lolimbirana ana angapo, njala ya mu February, ganyu wa nthawi yokumba mbatata, kuzizira kwa June ndi July kwa ana ophunzirira panja kudera lokwera mamita 1,600, zonsezi zilipo ndipo sizingathe chifukwa chosintha chiyankhulo. Koma vuto la chiyankhulo ndi lomwe tidadzisankhira tokha, ndipo limakulitsa ena onsewo. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto adatchuka padziko lonse pothetsa maukwati a ana n'kubwezera atsikana kusukulu. Mtsikana wobwezedwayo akakhala chaka chathunthu m'kalasi momwe sakumva kanthu, chomusunga pamenepo n'chiyani?

Ena amati Chichewa chilibe mawu a sayansi. Mfundoyi ndi yofooka kuposa momwe imamvekera. Buku Lopatulika lidatuluka lathunthu mu 1922 litasenza nkhani zozama za chilamulo, mbiri ndi chikhulupiriro. Alangizi a zaumoyo amafotokoza tsiku ndi tsiku za katemera, chitetezo cha m'thupi ndi kamwedwe ka ma ARV m'Chichewa, ndipo alangizi a zaulimi amachita chimodzimodzi ndi feteleza ndi matenda a mbewu. Mtanthauziramawu wa Chinyanja adatuluka mu 2000. Tanzania yakhala ikuphunzitsa pulayimale yonse m'Chiswahili kwa zaka makumi ambiri. Funso lenileni, lomwe a Mercy Kazima a ku yunivesite ya Malawi adalembapo pa nkhani ya masamu, ndi lakuti mawu atsopano tiziwapanga kapena tiziwabwereka. Ine ndingakonde kuti pomwe anthu adabwereka kale liwu n'kulizolowera tilisiye momwemo, chifukwa liwu lopekedwa muofesi lomwe palibe adalimvapo ndi lachilendo kwa mwana mofanana ndi la Chingerezi. Ndalama zolembera ndi kusindikizira mabuku zidzafunikadi, ndipo ntchito ya a Malawi Institute of Education ku Domasi idzachuluka. Koma mabuku timasindikiza kale silabasi ikasintha, ndipo mwana aliyense wobwereza kalasi amadyanso ndalama za boma.

Chovuta kwambiri ndi cha ziyankhulo zina. Dedza yemweyu, wokhala ndi anthu oposa 800,000, si wa Achewa okha. Angoni a kwa Kachindamoto ndi kwa Kamenyagwaza adasiya Chingoni kalekale n'kutenga Chichewa, koma kwa Tambala kuli mabanja omwe m'nyumba amayankhula Chiyao. Ku Karonga, ku Nsanje kapena ku Rumphi, Chichewa chimatha kukhala chachilendo kwa mwana wa zaka 6, ndipo kumpoto bala la 1968 silinapole. Aliyense wonena kuti ana onse a m'Malawi aziphunzira m'Chichewa akubwereza kulakwa komwe akudzudzula. Mfundo yoyenera kuigwira ndi yakuti mwana aziphunzira m'chiyankhulo chomwe amachimva bwino. M'madera ambiri a Dedza chimenecho ndi Chichewa. Kwina ndi Chiyao kapena Chitumbuka, ndipo pomwe ana a ziyankhulo zingapo asakanikirana, ndi chomwe amasewerera pabwalo la sukulu. Zimenezi zikutanthauza kuti unduna uziganizira chiyankhulo potumiza aphunzitsi, makamaka a makalasi oyamba.

Palinso mawu a kholo omwe amandikhudza kuposa ena onse. Limati, inu ophunzira ana anu mwawatumiza kusukulu za Chizungu, athuwa ndiye mukufuna aziphunzira m'Chichewa kuti adzakhale antchito a ana anu. Mawu amenewa sayenera kunyozedwa. Ku South Africa boma la tsankho, kudzera m'lamulo la Bantu Education la 1953, lidagwiritsadi ntchito ziyankhulo za anthu akuda pofuna kuwatsekera mwayi, ndipo mpaka lero makolo ambiri kumeneko amazikayikira. Kholo la ku Chimbiya silingakhutire ndi mayina a akatswiri. Lidzakhutira likaona mwana wake akuwerenga kalata ya Chingerezi n'kuimva. Ndondomeko iliyonse yokweza Chichewa yomwe siikweza Chingerezi nthawi yomweyo idzakanidwa, ndipo idzayenera kukanidwa. Chodabwitsa n'chakuti dongosolo lomwe lilipo lero ndi lomwe likumana ana osauka Chingerezi. Popeza timati phunziro lililonse ndi la Chingerezi, palibe yemwe amachiphunzitsa mozama. Mphunzitsi wa masamu akuthamangitsana ndi silabasi ya masamu, wa sayansi akulembetsa notsi, ndipo zomwe ana amatola ndi ziganizo zoloweza zomwe sangazigwiritse ntchito kwina kulikonse.

Chingerezi chiphunzitsidwe kuyambira Sitandade 1 ngati phunziro lolemekezeka, tsiku lililonse, ndi aphunzitsi omwe amachidziwa bwino koposa pasukulupo, pogwiritsa ntchito nyimbo, nthano, wailesi ndi timabuku tambiri tosavuta toti ana azitenga kunyumba. Masamu, sayansi, ulimi ndi maphunziro ena apitirire m'chiyankhulo chomwe ana amamva mpaka Sitandade 6 ngati tachepetsa, mabuku ake ali ndi mawu ofunika m'ziyankhulo zonse ziwiri, kuti Chingerezi chizilowa pang'onopang'ono ndipo pofika Sitandade 7 ndi 8 chikhale chitatenga gawo lalikulu. Kusekondale chidzakhalabe chophunzitsira, koma chidzapeza ana odziwa kuwerenga, kuwerengera ndi kuganiza. Kusakaniza ziyankhulo komwe aphunzitsi amachita mobisa kutulukire poyera. Makoleji a aphunzitsi, monga St Joseph's ku Bembeke, aziphunzitsa nthawi yoyenera kufotokoza m'Chichewa, nthawi yobwerera ku Chingerezi, ndi momwe angathandizire mwana kunena m'Chingerezi zomwe wangozinena bwino m'Chichewa. Pakadali pano mphunzitsi amaphunzira ntchito yake pafupifupi yonse m'Chingerezi, n'kukapatsidwa ana osachimva, ndipo njira amaipeza yekha. Mchitidwe wa sukulu zina wolanga ana oyankhula Chichewa pabwalo uyenera kutha, chifukwa chomwe umaphunzitsa mwana ndi kutseka pakamwa.

Zonsezi sizingagwire ngati mayeso sasintha, pakuti mphunzitsi amaphunzitsa zomwe zidzafunsidwe. Funso la masamu kapena la sayansi la Sitandade 8 lingathe kusindikizidwa m'ziyankhulo ziwiri papepala limodzi, kuti chomwe chikuyesedwa chikhale masamu kapena sayansi, Chingerezi n'kuyesedwa papepala lake mosanyengerera. South Africa yakhala ikuchita zimenezi ndi Chingerezi ndi Chiafrikaans kwa zaka zambiri, ndipo m'dera la Cofimvaba ku Eastern Cape adayamba kuphunzitsa masamu ndi sayansi m'Chixhosa ndi Chingerezi kupitirira makalasi oyamba.

Gawo 78 lija lili ndi ndime yachiwiri yomwe imapatsa nduna mphamvu yokhazikitsa chiyankhulo chophunzitsira kudzera m'chidziwitso cha mu Gazette. Choncho kuyesa njirayi sikufunika kudikira kuti Nyumba ya Malamulo isinthe lamulo. Nduna ingathe kusankha mazoni angapo a ku Dedza, ina ya kumapiri, ina ya kunyanja ku Mtakataka, ina ya kwa Tambala komwe Chiyao chingalowemo, n'kuwapatsa mabuku ndi aphunzitsi okonzekeretsedwa asanayambe, osati pambuyo monga zidachitikira mu 1996 ndi 2014. Ana a m'mazoni amenewo atsatidwe kuchokera Sitandade 5 mpaka 8, ayerekezedwe ndi anzawo a m'mazoni oyandikana nawo, ndipo zotsatira za masamu, sayansi ndi Chingerezi zikawerengedwe pamsonkhano wa sukulu makolo onse alipo, kuti iwo eni anene ngati njirayo ipitirire.